Dzina la Chipwitikizi M'banja: Kodi Ndi Magazi Kapena Ndi Dzina Chabe?

Ku Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu pa msewu waukulu wopita ku Mzimba, mlendo sakhalitsa pa mkeka asanafunsidwe funso lija la makolo: "Kodi kwanu n'kuti, nanga chiwongo chanu ndani?" Funsoli lili ndi chifukwa chake. Dziko la mfumu Kaluluma ndi pokumanira mitundu. Achewa ndi Atumbuka akhala pamodzi kumeneko kuyambira kale lomwe, Angoni a M'mbelwa ali pafupi chakumpoto, ndipo pamene maesiteti a fodya anachuluka m'zaka za m'ma 1970, kunafika anthu a ku Mulanje, ku Thyolo, ku Dedza ndi kwina kudzagwira utenanti. Ambiri a iwo anakhazikika, nakwatira, naika akufa awo m'manda a komweko.

Pakati pa obwerawo panali ena amene makolo awo anachokera kutsidya kwa malire, ku Tete ndi ku Angonia, ena pothawa chibalo cha Apwitikizi, ena pothawa nkhondo imene inatha mu 1992. M'mabanja otere mumamveka maina onga Zuze, Juwawo, Antonyo, Dumingu ndi Perera. Ndipo kawirikawiri mumakhala mbiri yonong'onezana yakuti, "Agogo a agogo athu anali Mzungu wa ku Tete." Ena amainena monyada, ena amaibisa. Kodi mbiri yotere ndi yoona? Nanga munthu angaitsimikize bwanji? Nkhaniyi si ya chidwi chokha iyayi. Pa mlandu wa munda, pa kulowa ufumu, ndiponso pamene mnyamata ndi mtsikana afuna kumanga banja, mawu amene amapambana ndi a munthu wodziwa bwino mzere wa makolo ake.

Azungu a ku Zambezi anali yani?

Apwitikizi anafika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530, pofunafuna golide ndi minyanga. Ena a iwo sanabwererenso kwawo. Analandira kapena kulanda maiko aakulu m'mbali mwa Zambezi, ndipo m'zaka za m'ma 1600 mfumu ya ku Portugal inayamba kuvomereza maikowo ndi makalata. Dziko lotere linkatchedwa prazo. Lamulo lake linali lodabwitsa, ndipo Mchewa alimve bwino: prazo inkaperekedwa kwa mibadwo itatu, ndipo inkayenera kutsata kuchikazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi, amene anayenera kukwatiwa ndi Mpwitikizi wobadwira ku Ulaya. Cholinga chinali chakuti Azungu achuluke m'dzikomo.

Zimenezo sizinatheke. Akazi a ku Ulaya anali osowa, malungo anapha amuna ambiri, ndipo amene anabwera mochuluka anali Amwenye achikhristu a ku Goa, okhala ndi maina a Chipwitikizi. Iwowa anakwatira ana a mafumu ndi akazi ena a m'dzikomo, ana awo nachita chimodzimodzi. Patapita mibadwo itatu kapena inayi, mwini prazo anali munthu wakuda kapena wofiirira, wolankhula chinenero cha amayi ake, woombeza ula ndi kuthira nsembe kwa mizimu, koma wotchedwabe Pereira kapena da Cruz. Anthu ankawatcha Azungu, pakuti ku Zambezi mawu akuti mzungu sankanena khungu. Ankanena munthu wa dzina la Chipwitikizi, wovala nsapato, wokhala ndi mfuti ndi akapolo. Apa pali msampha woyamba. Gogo akanena kuti kholo lake linali Mzungu wa ku Tete, mdzukulu amaganiza za munthu woyera wa ku Lisbon, pamene gogoyo mwina akunena munthu wakuda ngati iye yemwe.

Banja limene linakhudza Achewa koposa ndi la Pereira. Gonçalo Caetano Pereira anachokera ku Goa chapakati pa zaka za m'ma 1700, nayamba kukumba golide ndi kuchita malonda kumpoto kwa Tete, m'dziko la Undi. Anthu anamutcha Dombo-Dombo. Mwana wake Manuel anayenda ndi Abisa mpaka kwa Kazembe mu 1796, ndipo zimene anasimba pobwera ndizo zinautsa ulendo wa Francisco de Lacerda mu 1798, ulendo umene Lacerda anafera pafupi ndi mudzi wa Kazembe. A banja lomweli, atakwatirana ndi a m'nyumba za mafumu a Chichewa, anadzamanga ufumu wawowawo wa Makanga, kuseri kwa mapiri a Dzalanyama, ndipo anaulamula ngati mafumu enieni a dziko, namenyana ndi Undi, namenyananso ndi boma la ku Tete. Womaliza wawo, Chinsinga, anagonjetsedwa ndi asilikali a Apwitikizi mu 1902. Dzina la Macanga likadalipo, ndilo la boma lina m'chigawo cha Tete.

Kumwera kwa Zambezi kunali banja la da Cruz. Kholo lake, Nicolau Pascoal da Cruz, silinali la ku Ulaya konse. Linali la ku Siam, dziko limene lero litchedwa Thailand. Mdzukulu wake Joaquim, amene anthu ankamudziwa kuti Nyaude, anamanga linga la Massangano pamene mtsinje wa Luenha uthira mu Zambezi, ndipo mwana wa Nyaude, António Vicente, ndiye Bonga uja amene anabweza magulu anayi a nkhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869. Linga lija linagwa kotheratu mu 1888. Ku Zumbo kunali José do Rosário Andrade, ndiye Kanyemba, ndi José de Araújo Lobo, ndiye Matakenya.

Woŵerenga aone chinthu chimodzi m'maina onsewa. Aliyense anali ndi maina awiri, la m'makalata ndi la m'mudzi. Buku la ku Lisbon limadziwa António Vicente da Cruz. Nkhalamba ya m'mbali mwa Zambezi imadziwa Bonga. Wofufuza amene adziwa dzina limodzi lokha angathe kudutsa kholo lake m'buku osalizindikira.

Anthu ameneŵa sanali kutali ndi Kasungu monga ena angaganizire. Mu 1831 Major Monteiro ndi Kaputeni António Gamitto ananyamuka ku Tete kupitanso kwa Kazembe, nadzera m'dziko la Amaravi mpaka ku Luangwa. M'buku lake lotchedwa O Muata Cazembe, losindikizidwa mu 1854, Gamitto anafotokoza Achewa ndi Atumbuka okhala m'dziko limodzi, monga mmene aliri ku Nkhamenya ndi ku Lundazi mpaka lero. Chinenero nachonso chimasunga mapazi awo: kalata, nsapato, mbatata, ngakhale kapitawo amene amayang'anira matenanti pa esiteti, onsewo ndi mawu ochokera ku Chipwitikizi.

Njira zinayi za dzina

Tsono dzina la Chipwitikizi linkalowa m'banja pa njira zinayi, ndipo mwa zinayizo ya magazi ndi imodzi yokha.

Njira yaikulu koposa inali ya ukapolo. Mwini prazo aliyense anali ndi gulu la akapolo onyamula mfuti, otchedwa Achikunda, amene ankakhometsa msonkho, kusaka njovu ndi kugwira anthu ena ukapolo. Iwowa anatengedwa mwa Achewa, Amang'anja, Ansenga, Asena ndi mitundu ina. Atachotsedwa kwawo, anataya mbumba zawo ndi mifunda yawo, nayamba kuŵerenga mtundu kuchimuna, ndipo ambiri ankadziwika ndi dzina la mbuye wawo kapena la prazo yake. Maprazo atapasuka m'zaka za m'ma 1800, Achikunda anabalalika. Ena anakwera ndi Luangwa, ena ndi Shire, nakhala alenje a njovu ndi amalonda, nakwatira m'midzi imene anafikamo. Pa mwana mmodzi wa Pereira weniweni panali anthu mazana amene ankati, "Ndife a kwa Pereira," kutanthauza kuti anali anthu ake.

Njira ina inali ya ubatizo. Wansembe wa Chipwitikizi ankapatsa wobatizidwa dzina la woyera mtima, ndipo nthawi zina ankawonjezapo dzina la mtundu la munthu womuimirira. José anasanduka Zuze pakamwa pa anthu, João anasanduka Juwawo, ndipo mwana wa Zuze, polembetsa sukulu kapena msonkho, anapereka dzina la bambo wake ngati dzina la banja. Njira yachinayi inali ya ntchito: wophika, msilikali kapena wopalasa bwato ankatenga dzina la bwana wake, kapena kalaliki wa boma ankangomulembera dzina limene iye anatha kulitchula.

Kunena mosabisa, mwa mabanja a ku Malawi okhala ndi maina otere, ochuluka analandira dzinalo pa njira zitatu zomalizazi. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kapolo sanasankhe ukapolo wake. Ndipo amene amalakalaka kuti apezeke mdzukulu wa Matakenya kapena wa Kanyemba akumbukire kuti chuma cha akuluakulu amenewo chinali minyanga ndi anthu, ndi kuti midzi yambiri ya Ansenga ndi Achewa inatha chifukwa cha iwo. Wofufuza woona amalandira chimene wapeza, chokoma kapena chowawa.

Phunziro la wansembe wa ku New Mexico

Nzeru ya kufufuza mabanja a atsamunda oyamba inakula kwambiri kutali ndi kuno, pakati pa zidzukulu za anthu a ku Spain, anansi a Apwitikizi, amene anakakhala ku America. Nkhani yawo iyenera kusimbidwa pang'ono, chifukwa mavuto awo ndi omwewo.

Mu 1598 Juan de Oñate anatsogolera gulu la mabanja kuchoka ku Mexico kupita kumpoto, ku dziko limene lero litchedwa New Mexico. Asananyamuke, nduna ya mfumu inalemba amuna 129 onyamula zida, aliyense dzina lake, dzina la bambo wake, kumene anabadwira, msinkhu wake, ngakhale ndevu ndi zipsera zake. Mu 1680 eni dziko, Amwenye otchedwa Pueblo, anaukira. Anapha atsamunda pafupifupi 400 ndi ansembe 21, natentha matchalitchi pamodzi ndi mabuku ake. Opulumuka anathawira ku El Paso, ndipo anabwerera ndi Diego de Vargas mu 1693. Chotero mabuku a ubatizo a zaka 80 zoyamba anatheratu.

Komabe mu 1954 Bambo Angélico Chávez, wansembe wa chipani cha Fransisko Woyera ndiponso mwana wa mabanja omwewo, anasindikiza buku lotchedwa Origins of New Mexico Families, mmene analumikiza mabanja monga Baca, Lucero, Montoya ndi Chávez kuchokera kwa obwera oyamba. Anatha bwanji, mabuku atapsa? Anatola pang'onopang'ono m'mipukutu ya asilikali, m'milandu, m'makalata a chuma cha masiye, ndipo makamaka m'mapepala a mafunso a ukwati. Pakuti anthuwo anali ochepa ndipo ankakwatirana pachibale, wansembe ankafunsa mboni za makolo ndi agogo a mkwati ndi mkwatibwi, nalemba zonse. Munthu wokwatira mu 1700 ankatchula agogo ake amene mabuku awo anapsa mu 1680. Ntchitoyo inaonetsanso kuti ambiri amene ankadzitama kuti ndi Aspanya osasakanizika anali ndi agogo a Chimwenye, ndi kuti mwana nthawi zina ankatenga dzina la amayi kapena la agogo m'malo mwa la bambo.

Mabuku otere alipo chifukwa Msonkhano wa ku Trent, mu 1563, unalamula kuti wansembe wa parishi azilemba maukwati onse ndi mboni zake, ndiponso oimirira pa ubatizo. Ndipo mu 1614 buku la miyambo la ku Roma linawonjeza kaundula wa akufa ndi wa mabanja. Lamulo lomwelo linagwira ntchito ku Santa Fe, ku Goa, ku Tete, ndipo pambuyo pake ku Mua ndi ku Likuni.

Koma kunonso moto ndi nkhondo zinadya gawo lake. Ku Zambezi Ajezuiti anapirikitsidwa mu 1759, zipani zonse za ansembe zinatsekedwa ndi boma la Portugal mu 1834, ndipo panapita zaka zambiri ansembe ali oŵerengeka, mpaka Ajezuiti anabweranso natsegula Boroma m'zaka za m'ma 1880. Nkhondo ya ufulu ya 1964 mpaka 1974 ndi nkhondo yapachiweniweni yotsatira zinawononga mamishoni ambiri. Ku Nyasaland nako, ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa mu 1919, makalata ambiri a zaka zoyamba napsera momwemo. Ndipo kulembetsa kubadwa kwa mwana sikunali kokakamiza kwa anthu akuda. Lamulo la kalembera wa dziko linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo ziphaso za unzika zinayamba kuperekedwa kwa onse mu 2017. Chifukwa chake wofufuza wa ku Nkhamenya sangayambire m'buku.

Poyambira ndi pakhonde la agogo

Munthu ayambe ndi iye mwini, nabwerere m'mbuyo mbadwo umodzi umodzi, osalumpha. Cholakwa cha ambiri ndi kuyamba ndi munthu wotchuka wa m'mbiri ndi kufunafuna njira yotsikira kwa iwo eni. Wotero amapeza chimene akufuna, chifukwa maina ofanana sasowa.

Akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pa nkhani iyi akulu enieni ndi amayi okalamba. Iwo ndiwo amadziwa amene anabadwa bele lalikulu ndi bele laling'ono, mwana amene anabwera ndi amake kuchokera ku ukwati woyamba, ndi wamasiye amene analeredwa ngati mwana wa m'nyumba. Mdzukulu apite yekha kapena ndi mnzake mmodzi, ntchito za fodya zitachepa, atatenga kamchere kapena kashuga, akhale pansi, ndipo asafulumire kutulutsa kope. Funso lakuti, "Gogo, tandiuzani mbiri ya banja lathu," silibala kanthu. Mafunso obala ndi aang'ono: "Gogo, kodi amayi anu anali Nachiyani? Nanga atsibweni anu anali angati? Munali kukhala kuti pamene munatha msinkhu? Agogo anu anaikidwa manda ati?" Funso la manda ndi lamphamvu koposa, chifukwa mudzi umasamuka koma manda sasamuka.

Ku Nkhamenya kuli vuto lake lapadera. Mchewa amaŵerenga mbumba kuchikazi: munda, ufumu ndi unkhoswe zimatsata kwa amayi ndi atsibweni, ndipo kale mfunda nawo unkatsata komweko. Mtumbuka wa masiku ano ndi Mngoni amaŵerenga kuchimuna, chifukwa cha malowolo. M'dera limene miyambo iwiriyi yasakanikirana, munthu angathe kukhala ndi chiwongo cha bambo wake, munda wa amayi ake, ndi dzina la pa chiphaso limene lili dzina loyamba la agogo ake aamuna. Mayi mmodzi yemweyo angatchedwe Naphiri kwa abale ake ndi Nyaphiri kwa apongozi ake. Tsono wofufuza alembe mizere iwiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, pa masamba osiyana, ndipo pa ukwati uliwonse afunse ngati unali wa chikamwini, wa chitengwa kapena wa malowolo, pakuti yankho lake ndilo limanena mudzi umene ana anakulira. Mlendo wa ku Tete amene anabwera yekha nalowa chikamwini anasiya dzina lake lokha. Abale a ana ake onse ndi a kuchikazi, ndipo za kwawo kwa bamboyo mwina anazimva mkazi wake yekha.

Achenjerenso ndi kulowa dzina. Gogo akanena kuti, "Kaluluma ndiye anatipatsa malo ano," sananene kuti ndi Kaluluma uti, chifukwa dzina la ufumu limadutsa mibadwo. M'mabanja wamba namonso mdzukulu amapatsidwa dzina la agogo, ndipo pakamwa pa osimba anthu atatu amasanduka munthu mmodzi wokhala zaka 150.

Nkhalamba sizisunga zaka m'manambala, koma zimasunga zochitika, ndipo zochitikazo zili ndi zaka zodziwika. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku limene dzuwa linada. David Livingstone anafika kwa Mwase wa ku Kasungu mu 1863. Malire a Nyasaland ndi dziko la Apwitikizi, amene anadula mabanja a Achewa pakati, anagwirizanidwa mu 1891. Asilikali a Angerezi anathira nkhondo Mwase Chibisa chakumapeto kwa 1895. Amuna anagwidwa utengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, ndipo chimfine chachikulu chinatsatira pomwepo. Njala yaikulu inagwa mu 1949, ndipo mu 1959 anthu anamangidwa chifukwa cha kukana Chitaganya. Gogo akati, "Amayi anali ndi mwana woyamba kumbuyo pamene abambo anapita ku tengatenga," wofufuza wapeza chaka, kuphonya pang'ono pokha. Poyesa ngati mbiri ikugwirizana, aŵerenge zaka 25 kapena 30 pa mbadwo uliwonse. Munthu wobadwa mu 1990 amene auzidwa kuti bambo wa agogo ake anamenya nkhondo pamodzi ndi Bonga adziwe kuti pali mibadwo ina imene yagwa panjira.

Mbiri imodzi aimve kwa anthu awiri kapena atatu osakhala pamodzi, ndipo alembe dzina la wonena ndi tsiku. Zikasiyana, alembe zonse ziwiri. Pamene pali mkangano wa munda, aliyense amakumbukira makolo omuthandiza.

Kuchoka pakhonde kupita ku buku

Atatha kumva za pakamwa, apite ku parishi. Nkhamenya ili m'Dayosizi ya Mzuzu, ndipo mishoni yoyamba ya Akatolika m'chigawo chimenecho inatsegulidwa ku Katete mu 1938. Munthu amene anabatizidwa parishi ya kwawo isanakhale ndi mabuku akeake, dzina lake likafunidwe ku mishoni yakale kumene ansembe ankachokera pa njinga. Ngati makolo anali a mpingo wa Chipresibiteriyani, pofunsa ndi ku Loudon, ku Embangweni, kumene Donald Fraser anamanga mu 1902, kapena ku Chilanga, pafupi ndi boma la Kasungu, kumene Dokotala George Prentice anayamba ntchito mu 1900. A matenanti akumbukire kuti mabuku a makolo awo anatsala kumudzi: ku Mulanje, ku Dedza kapena ku Nsanje.

Buku la ubatizo si nyuzipepala yoŵerenga aliyense, pakuti muli zinsinsi za mabanja ena. Wofufuza apemphe Abambo Mfumu mwaulemu, atalemba kale dzina, mudzi, maina a makolo ndi zaka zoyerekeza, kuti kalaliki asavutike kutsegula mabuku khumi. Mabuku akale analembedwa m'Chilatini. Pater ndi bambo, mater ndi mayi, patrinus ndi matrina ndiwo oimirira, natus kapena nata ndi wobadwa. Yohane alembedwa Joannes, Petulo alembedwa Petrus, Yakobe alembedwa Jacobus. Dzina la kumudzi linalembedwa monga linamvekera m'khutu la wansembe wa ku France, ku Holland kapena ku Canada, kotero l ndi r zimasinthana, c imaima m'malo mwa ch, ndipo Pereira angaoneke ngati Perera, Pelela kapena Pelera.

Zonona zili m'mphepete mwa tsamba. Munthu akakwatira, ngakhale kutali ku Salisbury kapena ku Ndola, uthenga unkatumizidwa ku parishi imene anabatizidwira, ndipo ukwatiwo unkalembedwa pambali pa dzina lake. Umo ndi mmene mtchona amene abale anamutaya amapezekera. Oimirira nawo asanyalanyazidwe, chifukwa mlendo ankakonda kusankha munthu wa kwawo. Ngati woimirira ana onse a mlendo uja ali munthu mmodzi yemweyo, mudzi wa woimirirayo ungathe kukhala mudzi wa mlendoyo. Ndipo popeza mwambo wa makolo unkalola chisuweni, pamene malamulo a Eklezia amaletsa ukwati wa ana a mlongo ndi mlongo wake popanda chilolezo cha episkopi, chilolezo chotere chikapezeka m'buku la maukwati chimaonetsa chibale cha mabanja awiri, monga zinathandizira wansembe uja wa ku New Mexico.

Buku nalo limalakwa. Tsiku la ubatizo ndi loona, chifukwa wolembayo analipo. Chaka cha kubadwa cha munthu wobatizidwa ali wamkulu chinali chongoyerekeza poyang'ana nkhope. Amuna opita ku Wenela kapena ku mapulazi a ku Rhodesia ankasintha maina, ndipo anthu a ku Tete ambiri ankadzilembetsa ngati a ku Nyasaland kuti asabwezedwe kwa Apwitikizi. Kotero chiphaso chonena kuti munthu anabadwira ku Dedza sichitsutsa mawu a gogo akuti anabadwira ku Angonia.

Ku Zomba kuli nyumba yosungira makalata akale a dziko, imene inatsegulidwa mu 1947. Mumapezeka mabuku a ma DC ofotokoza midzi, mafumu ndi mizere yawo. Sathandiza kupeza munthu wamba, koma amathandiza kudziwa nthawi imene mudzi unasamuka. Mabuku a Samuel Ntara, Mbiri ya Achewa, ndi a Cullen Young onena za Atumbuka amathandiza pa mbiri ya mifunda, ngakhale sangalowe m'malo mwa mzere wa banja limodzi.

Masiku ano kuli kuyeza kwa DNA, ndipo ena amayesa kuti kumathetsa mafunso onse. Kuyeza kumodzi kumatsata mzere wa bambo, wa bambo wake, mpaka kale. Kwina kumatsata mzere wa mayi, wa mayi wake. Kungathe kuonetsa kuti kholo lina la kuchimuna linachokera ku Ulaya kapena ku India, koma sikungatchule dzina lake. Ndiponso ngati magazi a mlendoyo anadzera mwa mwana wake wamkazi, monga mmene maprazo ankayendera, kuyeza kwa mzere wa kuchimuna sikudzaona kanthu.

Amene mzere wake wamufikitsa pa malire, wadziwa mudzi, mfumu ndi mishoni ya kutsidya, angathe kupitiriza. A ku Angonia afunse ku Lifidzi, a kufupi ndi Zambezi afunse ku Boroma ndi ku nyumba ya episkopi ku Tete. Makalata a maprazo, a chuma cha masiye ndi a milandu ya mabanja aakulu aja ali ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo ndi ku Arquivo Histórico Ultramarino ku Lisbon, ndipo onse ali m'Chipwitikizi cholembedwa pamanja. Wopita kumeneko atenge kalata yomudziwitsa yochokera kwa Abambo Mfumu a parishi yake, munthu wodziwa chinenerocho, ndi kope lake lija, mmene kholo lililonse lalembedwa ndi maina ake onse: la ubwana, la pa chinamwali, la ubatizo, la ku ntchito ndi la m'mudzi. Kope lina lofanana nalo alisiye kunyumba, m'manja mwa mlongo wake.